Sabata yosula anzathu opita ku maofesi a ukazembe

Ntchito yanga mu unduna woona za ubale wa dziko lino ndi mayiko ena ili m'gawo la maphunziro a ogwira ntchito, ndipo sabata yathayi tinali ndi gulu la anzathu amene asankhidwa kukatumikira ku maofesi athu a kunja, ena ku Pretoria ndi ku Johannesburg, ena ku Addis Ababa, enanso ku Geneva ndi ku New York. Akazembe eni ake amasankhidwa ndi Pulezidenti ndipo amatsimikizidwa ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za maudindo a m'boma, koma katundu wa tsiku ndi tsiku pa ofesi ya kazembe amasenzedwa ndi alangizi, alembi ndi osunga ndalama, ndipo amenewa ndiwo tinali nawo. Ena akulira mu undunawu, pamene ena angobwerekedwa kuchokera ku maunduna a zachuma ndi zamalonda.

Lolemba tinatsegula ndi Pangano la ku Vienna la 1961, lomwe ndi maziko a ntchito ya ukazembe padziko lonse. Gulu lililonse limene ndakhala nalo limayamba ndi mafunso ofanana: kodi ndi zoona kuti wapolisi sangandimange, nanga galimoto ndigula popanda msonkho? Mafunsowa ndi abwino ndithu, ndipo mayankho ake alipo. Ndime 29 imati kazembe sangagwidwe kapena kutsekeredwa, ndime 22 imaletsa akuluakulu a dziko lolandira kulowa pa malo a ofesi popanda chilolezo cha mkulu wa ofesiyo, ndipo ndime 27 imati chikwama cha makalata a boma chisatsegulidwe kapena kuchedwetsedwa pa njira. Koma mphunzitsi wa tsikulo, bambo wina amene anapuma atatumikira dziko lino zaka zambiri, anawabweza ku mawu oyamba a panganoli, pamene palembedwa kuti chitetezo chonsechi sichinaikidwe pofuna kupindulitsa munthu, koma kuti ofesi igwire bwino ntchito yoimira dziko. Umboni wake uli mu ndime 32: amene angachotse chitetezocho ndi boma lomwe linakutuma, ndipo likhoza kutero ngakhale iwe usakufuna. Ndime 41 imawonjezera kuti uyenera kulemekeza malamulo a eni dziko ndi kupewa kulowerera nkhani zawo zam'kati. Mnyamata wina anafunsa kuti, "Bwana Kazembe, ndiye kuti ngongole ya nyumba nditha kuisiya osalipira, popeza sanganditengere kukhoti?" Iwo anangoti, "Achimwene, kukhoti sapita nanu, koma kalata ifika kwa Mlembi Wamkulu wa unduna kuno, ndipo mwini nyumbayo sadzalolanso Mmalawi wina kulowa m'nyumba mwake."

Lachiwiri linali la protocol, ndiye kuti miyambo ya ulemu pa zochitika za boma, ndipo pamenepa sindichedwapo chifukwa zambiri ndi zoloweza: kakhalidwe ka mipando, kaikidwe ka mbendera, kaitanidwe ka maudindo. Chimene chinadabwitsa ambiri ndi chakuti ukulu wa akazembe mumzinda umodzi suyendera kukula kapena kulemera kwa dziko, koma tsiku ndi ola limene kazembe anayamba ntchito, kotero kuti kazembe wa Malawi amene wakhalitsa amakhala patsogolo pa wa dziko lamphamvu amene wangofika. Opita ku New York tinawauzanso kuti mu msonkhano waukulu wa United Nations, womwe dziko lino linalowamo pa 1 Disembala 1964, mipando imatsata zilembo za mayina a mayiko m'Chingerezi, ndiye ayembekezere kukhala pakati pa Madagascar ndi Malaysia. Ndi nzeru kudziwana nawo anansi amenewa msanga.

Tsiku limene ine ndimaliwerengera koposa ndi Lachitatu, la kalembedwe, chifukwa anthu amaganiza kuti kazembe amagwira ntchito ndi pakamwa pomwe gawo lalikulu la ntchito yake limathera pa pepala. Tinayamba ndi kalata yotchedwa note verbale, imene ofesi imalembera unduna wa dziko lolandira kapena ofesi inzake. Kalatayi ilibe "ine". Imayamba ndi ofesi kupereka ulemu, imanena nkhani yake ngati kuti ikulankhula ndi ofesiyo, imatseka ndi kubwereza ulemu womwewo, ndipo m'malo mosainidwa dzina lonse imangoikidwa zilembo zoyamba za dzina pamodzi ndi chidindo. Ophunzira ena amaona ngati ndi mwambo wachabe wotsalira ku Ulaya wakale, koma ine ndimawauza kuti mwambowu uli ndi phunziro lomwe lija la Lolemba: mawu ali m'kalatamo ndi a dziko, ndipo adzamanga dziko ngakhale wolembayo atabwerera kwawo kalekale. N'chifukwa chake timawakakamiza kusiyanitsa pakati pa kunena kuti boma lamva pempho, lalandira pempho, kapena lavomera pempho, pakuti m'kalata imodzi yolembedwa mothamanga munthu angathe kulonjeza voti ya dziko kwa munthu wopikisana pa mpando wa bungwe lalikulu, voti yomwe likulu linalonjeza kale kwina.

Masana tinalowa pa malipoti opita ku likulu, ndipo apa ndimagwiritsa ntchito nkhani imene Amalawi ambiri akuikumbukira. Mu Epulo 2011 boma linathamangitsa kazembe wa Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, lipoti lawo lachinsinsi lopita ku London litatuluka m'nyuzipepala, m'mene ankanena kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika akunka nalamulira mwankhanza ndipo sakufuna kudzudzulidwa. Britain inabwezera pothamangitsa amene ankatsogolera ofesi yathu ku London, ndipo mu Julayi chaka chomwecho inaimitsa thandizo la ndalama zolowa mu bajeti ya boma. Ubale unabwereranso bwino mu 2012 a Joyce Banda atatenga udindo. Ndinawafunsa ophunzira ngati kazembeyo analakwa, ndipo chipinda chinagawanika pakati. Pa lamulo lokha nkhaniyi ndi yachidule, popeza ndime 3 imaika kufufuza ndi kupereka malipoti pakati pa ntchito za ofesi ya kazembe, pomwe ndime 9 imalola dziko lolandira kunena kuti silikumufunanso munthu popanda kupereka chifukwa. Choncho mbali zonse zinachita zimene pangano limalola, koma mtengo wake unalipiridwa ndi anthu amene sanawerengeko n'komwe lipotilo. Chimene ndimaopa ndi chakuti wophunzira atengepo phunziro lolakwika, loti njira yabwino ndi kulemba malipoti osanena kanthu. Lipoti lobwereza zimene zili kale m'nyuzipepala silithandiza Nduna kupanga chiganizo chilichonse. Timafuna kuti munthu alembe zoona zimene waona, asiyanitse chimene wamva ndi chimene akuganiza, apewe mawu onyoza amene sawonjezera kanthu pa mfundo, ndipo atumize kudzera m'njira zotetezedwa, osati pa WhatsApp ya foni yake. Aliyense tinamupatsa ntchito yolemba tsamba limodzi lokha pa nkhani imene tinakambirana, ndipo madzulo onse ndinathera pa kudula ziganizo zoyamba, chifukwa ambiri amayamba ndi mbiri yaitali, mfundo n'kukabisala kumapeto.

Lachinayi tinayeserera zokambirana, ndipo tinasankha nkhani ya malire a pa nyanja pakati pa ife ndi Tanzania. Mfundo ya Malawi yatsamira pa pangano la Heligoland la pa 1 Julayi 1890 pakati pa Britain ndi Germany, lomwe linaika malire m'mphepete mwa nyanja kumbali ya kum'mawa, komanso pa chigwirizano cha OAU, bungwe lakale la mayiko a mu Africa, cha ku Cairo mu 1964 choti malire amene mayiko anapeza polandira ufulu alemekezedwe. Tanzania imati malire ayenera kudutsa pakati pa madzi. Mkanganowu unayakanso dziko lino litapereka chilolezo chofufuza mafuta pa nyanjayi mu 2011, ndipo mayiko awiriwa anautengera kwa atsogoleri opuma a m'chigawo chino motsogozedwa ndi a Joaquim Chissano, mothandizidwa ndi a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae. Theka la gulu tinaliuza kuti liimire Tanzania, ndipo ena anachita manyazi ngati tawatuma kukagulitsa dziko. Mayi wina amene anakana poyamba ndiye anadzaimika mfundo za mbaliyo mwaluso mpaka anzake oimira Malawi anasowa poyankha, zomwe zinaonetsa kuti ankadziwa mathero a mfundo yathu koma sanawerengepo mapepala amene yaimapo. Mbali iliyonse inali ndi malangizo olembedwa ochokera ku "likulu", osonyeza pamene ingalolere ndi pamene isadutse. Mmodzi, pofuna kuti zinthu zithe mwamtendere, anavomera mawu amene malangizo ake sanamulole, ndipo tinaimitsa zokambiranazo pomwepo kuti onse aone mmene zimachitikira: munthu watopa, mnzake wam'komera mtima, ndipo akuona ngati ndi mwano kunena kuti ayambe wafunsa kunyumba. Kunena kuti ufunsa kaye ku likulu ndi yankho lovomerezeka pa tebulo lililonse, ndipo palibe amene amadabwa nalo.

Pakati pa zonsezi ntchito ya pa desiki sinaime. Ndinkayenera kumaliza mndandanda wa anzathu oyenera kupita ku maphunziro aatali mwayi ukapezeka, m'masukulu amene amalandira akazembe a mayiko ena, monga Sushma Swaraj Institute of Foreign Service ku New Delhi kapena Clingendael ku The Hague, kuphatikizapo maphunziro a UNITAR, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, amene ambiri amachitika pa intaneti. Maganizo anga ndi akuti wobwera ku maphunziro otere aziphunzitsa anzake asanaike satifiketi yake mu faelo, apo ayi phindu limathera pa munthu mmodzi. Ndinalembanso pempho loti tilimbikitse zilankhulo, makamaka Chipwitikizi, poti Mozambique yatizungulira ndipo katundu wathu amadutsa pa madoko a Beira ndi Nacala, komanso Chifalansa cha ku African Union. Chilankhulo sichiphunziridwa m'sabata imodzi, choncho chiyenera kuyambidwa munthu asanadziwe n'komwe kumene adzatumizidwe.

Lachisanu tinamaliza ndi ntchito yothandiza nzika, yomwe ili pansi pa pangano lina la ku Vienna, la 1963. Ndime 36 ya panganoli imati Mmalawi akamangidwa kunja ali ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya dziko lake idziwitsidwe mosachedwa, ndipo ofesiyo ili ndi ufulu womuyendera ndi kumuthandiza kupeza loya. Ilibe mphamvu yomutulutsa, ndipo ichi n'chimene chimavuta kufotokozera achibale amene akuimba lamya kuchokera ku Mangochi kapena ku Mzimba ali ndi chikhulupiriro choti kalata ya ofesi itsegula chitseko cha ndende. Opita ku South Africa tinawakhalitsa nthawi yaitali pa za Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kumene osowa zikalata amasungidwa podikira kubwezedwa kwawo, ndi pa kafunsidwe kotsimikizira kuti munthu wopanda pasipoti ndi Mmalawi weniweni asanapatsidwe chikalata chapangozi choyendera: boma limene amachokera, mfumu yaikulu, mudzi, ndi mayina a makolo. Tinakumbutsana za ziwawa zimene zinachitikira anthu obwera ku South Africa mu 2015, pamene boma linatumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndipo tinagwirizana kuti ofesi imene ikudziwana ndi atsogoleri a mipingo, mizikiti ndi magulu a maliro a Amalawi isanagwe ngozi ndiyo imadziwa kumene anthu athawira. Ola lomaliza linapita pa mapepala otumizira maliro kumudzi, kuyambira chikalata cha imfa mpaka chilolezo chodutsira m'malire, ndipo pa phunziro limeneli ndi pamene ndinaona aliyense akulemba, ngakhale opita ku Geneva. Malipoti awo a tsamba limodzi aja ndawabwezera kuti alembenso, ndipo ndikuyembekezera kuwalandira Lolemba likubwerali.