Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chaka cha Kisenosato

Tinalekezera paja nditangofika ku Tsukuba kumapeto kwa 2016, kuzizira kutayamba, chiJapan chikundikanika. Ya sikolashipu imakwana ine ndekha koma kumudzi kumafunikanso kutumiza, ndiye ndinapeza ganyu pa fakitale ina yolongedza zakudya m'timabokosi. Sumo, masewera olimbana a ku Japan, ndinaidziwira kumeneko.

Tinali ndi mayi ena achikulire ochokera ku Ushiku, tauni yoyandikana ndi Tsukuba, anthu ofatsa koma ikangodutsa 5 koloko madzulo nthawi ya mpikisano mtima wawo wonse umakhala pa TV ya mchipinda chopumira, osafuna wina awayankhulitse. Amadikira Kisenosato, katswiri wa sumo, mwana wokulira kwawo konko. Ndi iwowa anandiphunzitsa, mawu pang'ono manja kwambiri, kuti mipikisano ikuluikulu imakhala 6 pachaka, uliwonse masiku 15, munthu amalimbana kamodzi patsiku, ndipo ukatuluka mubwalo kapena kukhudza pansi ndi china chosakhala phazi basi waluza, nthawi zina masekondi asanu asanathe.

Mbiri ya Kisenosato ndi imene inandigwira. Anabadwa 1986, analowa sumo 2002 ali ndi zaka 15, pofika 18 anali kale mu gawo lapamwamba. Novembala 2010 ku Fukuoka ndi iyeyu anagwetsa katswiri wa ku Mongolia Hakuho, amene anali atawina ka 63 mosadukiza. Mphunzitsi wake Naruto anamwalira 2011 kutangotsala pang'ono kuti mnyamatayu akwezedwe kukhala ozeki, udindo wachiwiri kuchokera pamwamba. Kenako zaka zisanu zowawa, mphamvu ali nazo, aliyense akumuopa, koma chikho chikayandikira amagwa. Nambala 2 anakhalapo ka 12 abale. Ndiye nthawi imeneyo ma yokozuna (udindo wapamwamba kwambiri mu sumo) onse atatu anali ochokera ku Mongolia, wobadwira ku Japan womaliza kukwezedwa anali Wakanohana mu 1998, moti dziko lonse linamusenzetsa mtolo munthu mmodzi. Ine woyamba kubanja kwathu kupita kunja, mafoni akumudzi akungolira, mtolo wotere ndimaudziwa kulemera kwake.

Januwale 2017 anatenga chikho ku Tokyo, kuwina 14 kuluza kamodzi, nkukhala yokozuna wa nambala 72. Mayi aja analira, nkutigulira tonse maswiti.

Koma zomwe sindidzaiwala ndi za Malichi ku Osaka. Anawina masiku 12 otsatizana, tsiku la 13 yokozuna mnzake Harumafuji anamukankhira kunja kwa bwalo nkuvulala pachifuwa ndi phewa lakumanzere, dzanja lomwe limamudyetsa, mpaka anapita kuchipatala pa ambulansi. Tonse timati zathera pompa. Mawa lake anabwera atamatidwa mabandeji, yokozuna wina Kakuryu anangomutulutsa mosavuta. Tsiku lomaliza amafunika agonjetse Terunofuji, amene amatsogola, kawiri, koyamba kuti afanane kenako kachibwereza, ndi dzanja limodzi, ndipo anatero. Poimba nyimbo ya fuko misozi inali chuchuchu. Ndinaonera ndili ndekha mchipinda changa ndipo ndinakuwa mpaka mawu kusasa, sabata imeneyo kafukufuku wanga anali atakanika ndipo ndimaganiza zobwerera kumudzi, Lolemba lake ndinadzuka nkupita ku labu.

Apa ndiye maganizo anga ndinene. Kulimbana tsiku lija sindimudzudzula ayi, chomwe chimandiwawa ndi choti mu Meyi anabwereranso bala lisanapole. Yokozuna satsitsidwa udindo, akanatha kupuma miyezi ingapo, koma iyeyu moyo wake wonse asanakwezedwe anajombapo tsiku limodzi lokha, kukhala pansi samakudziwa, komanso anthu amamufuna. Zotsatira zake mipikisano 8 yotsatizana osamaliza kapena osalowa nkomwe. Dzanja lija silinabwererenso. Seputembala 2018 anawina 10 ife nkumati wabwera, Novembala nkuluza masiku anayi oyamba.

Pomwe amasiya pa 16 Januwale 2019, ataluza katatu motsatizana, ine ndinali nditabwerera kale ku Lilongwe ndikusaka ntchito. Uthenga ndinaupeza m'mawa pa foni kuchokera kwa mayi aja, chiJapan chophweka kuti ndimve. Iye anauza atolankhani kuti palibe chomwe akunong'oneza nacho bondo, koma akunena choncho misozi ikutsika.

Pano ndi mphunzitsi, amatchedwa Nishonoseki, malo ake ophunzitsira ali ku Ami ku Ibaraki, chigawo chomwe kuli Tsukuba ndi Ushiku, ndipo mnyamata wake Onosato anakhala yokozuna wa nambala 75 mu Meyi 2025. Ndimaonerabe pa YouTube bandulo ikakhalapo, akunyumba anazolowera.

Gawo lotsatira ndikuuzani za kusaka ntchito kuja, mmene ndinayendera ndi envulopu ya mapepala kuchokera ku City Centre mpaka ku Kanengo.