Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Alaska, mapepala am'thumba ndi anamgumi

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija. Ndawerenga zonse, ngakhale za achimwene aja amene akulimbikirabe kuti ntchito yapasitima ndi kungozungulira dziko ukulipidwa. Amenewo ndiwayankha tikafika pa nkhani ya malipiro. Lero ndiyambe ndi amayi a ku Leicester amene ana awo awagulira ulendo wa pa sitima yapamadzi wa ku Alaska. Munafunsa ngati potsika padoko muzitenga pasipoti kapena muziisiya m'chipinda, komanso ngati nyama zimene amaika pa zithunzi zotsatsa malonda zimaonekadi. Anyamata amene mwalandira makalata a ntchito, tcherani khutu nanunso.

Tinasiyira pamene anandichotsa koyala mabedi n'kundiika pa tebulo logulitsa maulendo akumtunda. Pamenepo ndinakhalapo zaka zingapo, Meyi mpaka Sepitembala, kuchoka ku Seattle, kudutsa Ketchikan, Juneau, Skagway, Glacier Bay, kenako Victoria n'kubwerera.

Nkhani ya mapepala imayamba musanakwere n'komwe. Dziko la America lili ndi lamulo la m'chaka cha 1886 lokhudza sitima zolembetsedwa kunja zonyamula anthu pakati pa madoko ake, ndipo n'chifukwa chake sitima yochoka ku Seattle imayenera kuima kaye ku Canada, kawirikawiri pa Victoria. Kwa munthu wa pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe, izi zikutanthauza maviza awiri: ya America yolowera kangapo ndi ya Canada. Musanene kuti ku Victoria sinditsika. Sitima ikangolowa m'madzi a Canada inuyo mwalowa Canada, ndipo opanda viza imeneyo amabwezedwa pa tsiku lokwera, masutikesi ali m'manja, ndalama osabwezedwa. Ngati amayi muli ndi pasipoti ya Britain, mukufunika zilolezo zofunsira pa intaneti: ESTA ya America, ndi eTA ya Canada ngati mukutera pa ndege ku Vancouver. Pasipoti ikhale yoti ikadali ndi miyezi 6 pambuyo pa ulendo. Malamulo a viza ya America kwa Amalawi akhala akusintha, monga zija za ndalama yachikole zimene zinayamba mu Ogasiti 2025, choncho funsani ku kazembe musanalipire kalikonse.

Mukakwera amakupatsani khadi ya sitima. Imeneyo ndi kiyi wa chipinda, ndi yogulira zinthu, ndiponso ndi imene alonda amaiwerenga pa makina mukamatsika ndi pobwera, nkhope yanu n'kutulukira pa kompyuta yawo. Koma khadi imeneyi mphamvu yake imathera pa kamlatho kotsikira. Pageti la doko angathe kufunanso chitupa cha boma chokhala ndi chithunzi. Alipo amene analemba kuti fotokope ya pasipoti ndi yokwanira. Ayi bambo. Fotokope imathandiza pasipoti ikatayika, kuti a kazembe akhale ndi poyambira, koma si chitupa. Ku Ketchikan kapena ku Juneau, ngati mukungoyenda m'tauni, khadi ya sitima ndi laisensi yoyendetsera galimoto zimakwana pageti. Komabe ine mlendo aliyense amene si wa ku America ndinkamuuza kuti atenge pasipoti yeniyeniyo. Ku Juneau kulibe msewu wotulukira, munthu amalowa ndi kutuluka pamadzi kapena pandege, ndiye sitima ikakusiyani kapena mukagonekedwa m'chipatala, chimene chingakukwezeni ndege ndi pasipotiyo. Muiike m'kapepala ka pulasitiki kotseka, m'thumba lamkati la jekete. Ku Ketchikan kumagwa mvula yoyandikira mamita 4 pachaka, ndipo pasipoti yonyowa mpaka tsamba la chithunzi kutukumuka imakanidwa.

Ku Skagway ndiye kumene anthu amalirira. Malire a Canada ali pamwamba pa phiri, pa White Pass. Sitima yapamtunda ya White Pass and Yukon Route, imene njanji yake anaimanga pakati pa 1898 ndi 1900 anthu akuthamangira golide wa ku Klondike, ili ndi ulendo wongofika pamwamba, mamita 873, n'kubwerera osatsika. Umenewo sufuna pasipoti. Koma ulendo uliwonse wofika ku Fraser, Carcross kapena Emerald Lake umadutsa pa ofesi ya olowa ndi otuluka, ndipo dalaivala wa basi amaona mapasipoti asanalize injini. Amene waiwala yake m'kabokosi kokiya ka m'chipinda amatsala, chifukwa basi siidikira munthu kuti akwere nsanjika khumi kukatenga.

Kwa ogwira ntchito n'zosiyana. Pasipoti yanu, yokhala ndi viza ya America ya ogwira ntchito m'sitima yotchedwa C1/D, imasungidwa ku ofesi ya ogwira ntchito. Chimene mumatsika nacho m'madoko a America ndi khadi yanu ya ntchito ndi kapepala kotchedwa I-95, kodindidwa ndi akuluakulu oona za malire. Ndi kakang'ono, kosachedwa kung'ambika, ndipo kambiri kanathera m'makina ochapira kali m'thumba la yunifolomu. Kakatayika simutsikanso mpaka akupatseni kena. Musanatsike jambulaninso pafoni nambala ya ejenti wa doko (woimira sitima padokopo), imene imalembedwa pa pepala la tsikulo, ndi bolodi imene ili potsikira yolembedwa nthawi yobwerera. Alendo amafunika kukhala atalowa mphindi 30 sitima isananyamuke, ogwira ntchito nthawi yawo imakhala yoyambirira kuposa pamenepo.

Apa ndi pamene ndiyenera kunena za mnzanga wa ku Zimbabwe uja, amene tinkagona chipinda chimodzi, amene anandibwereka jekete pa gawo 9. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti anathera kuti. Nthawi ya ku Alaska imatsalira ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Victoria ndi Seattle. Sitima ikamabwerera kumwera, usiku amakankhira mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi. Iye tsiku lonse ankagwira ntchito potsatira wotchi yapakhoma kukhitchini, yapamkono yake ili m'kabati, ikadali pa nthawi ya Alaska. Madzulo titaima pa Ogden Point, doko la ku Victoria, anavala wotchiyo, foni n'kuisiya pa chaja, n'kuyenda wapansi kupita m'tauni kukagulira mwana wake nsapato zasukulu. Ku Victoria sitima imangoima maola ochepa.

Dzina lake analiitana pa zokuzira mawu koyamba ndili pa tebulo langa. Analiitananso kachiwiri. Ndinathamangira m'chipinda n'kupeza foni yake ikuwala pabedi, ikulira, ofesi ikumuimbira. Ndinatsikira potsikira paja ndipo ndinaona mkulu wa alonda atagwira envulopu yakhaki, m'menemo muli pasipoti ya mnzanga, akuipereka kwa ejenti. Ndinamupempha mphindi khumi zokha. Anandiyang'ana, osandikalipira, n'kunena kuti si iye amene amalamula zingwe. Anachotsa kamlatho, zingwe anamasula, mpata wa madzi akuda pakati pa sitima ndi doko n'kumakula. Ndinaima pamenepo mpaka anatseka chitseko chachitsulo chija. Usiku umenewo anandiuza kuti ndilongedze katundu wake. Ndinapinda mayunifolomu, ndinamatula zithunzi za mkazi wake ndi mwana zimene anamata pamwamba pa bedi, ndinapeza kabuku kamene ankalembamo ndalama za njerwa za nyumba imene ankamanga, mwezi ndi mwezi, mzere womaliza usanadzazidwe. M'mawa ku Seattle sutikesi inatsika yokha. Ntchito inathera pomwepo.

Kwa amene ankafalitsa kuti anali ataledzera, ndipo ndikudziwa kuti mumawerenga pano, munthu uja mowa sankaulawa n'komwe. Woyendetsa sitimanso sindimuimba mlandu, chifukwa m'mawa mwake anthu masauzande anali ndi ndege zoti akwere. Chimene ndinatengapo n'chakuti aliyense wogula tikiti pa tebulo langa ndinkamuonetsa wotchi ya sitima kaye.

Tsopano za nyama, amayi. Zimaoneka, koma osati kwa munthu amene wakhala m'chipinda chodyera kudikira kuti alengeze. Pomwe amalengeza, namgumi amakhala atamira kale. Mukufunika bainokyula ya 8x42 kapena 7x50. Yokuza kuposa ka 10 imanjenjemera chifukwa cha injini ndi mafunde, simuona kanthu. Valani zovala zingapo zosanjikiza, chipewa ndi magolovesi, chifukwa ngakhale mu Julayi mphepo yapadeki imaluma, ndipo amene wazizidwa amalowa mkati nthawi yabwino isanakwane. Imani pa deki yapansi yozungulira sitima kapena kutsogolo, m'mamawa kwambiri madzi ali bata. Mu Juni ku Juneau kumakhala kowala maola oposa 18, ndiye cha m'ma 5 koloko kumakhala kutayera kale.

Musamafufuze ndi bainokyula. Yang'anani ndi maso anu kaye, pang'onopang'ono, mukaona kanthu ndiye kwezani bainokyulayo maso osawachotsa pamalopo. Namgumi wamtundu wa humpback amayamba kuoneka ndi mpweya wake, kautsi koyera kotumphuka pamwamba pa madzi mamita angapo, kooneka bwino kumbuyo kwake kukakhala nkhalango yakuda. Amapuma kangapo motsatizana, kenako amapinda msana n'kutukula mchira. Mchira ukatuluka ndiye kuti wapita pansi, dikirani mphindi 5 mpaka 10 ndipo muyang'ane kutsogolo kwa kumene analowera. Mbalame zikaunjikana n'kumazungulira malo amodzi, pansi pake pali nsomba zing'onozing'ono, ndipo nthawi zina pamatulukira gulu la anamgumi kukamwa kuli yasa, atazinga nsombazo ndi thovu la mpweya wawo. Amadya chilimwe chonse kuno, nyengo yozizira ambiri amapita ku Hawaii kukaswana. Malo odalirika ndi Icy Strait pafupi ndi Point Adolphus, Frederick Sound, ndi maboti ang'onoang'ono onyamukira ku Auke Bay ku Juneau. Lamulo limaletsa boti kuyandikira namgumi ameneyu kuposa mamita pafupifupi 90, choncho musamukakamize woyendetsa kuti asendere.

Orca, namgumi wamawanga akuda ndi oyera, mumaizindikira ndi chipsepse chakuda chapamsana, chimene kwa yaimuna chimatalika mpaka mamita 1.8. Tinyama takuda ndi koyera tothamanga kwambiri pambali pa sitima, tikuwaza madzi, alendo amati ndi ana a orca, koma ndi Dall's porpoise. Akatumbu am'nyanja amagona chagada pamadzi, patali amaoneka ngati chipika chokhala ndi mutu mbali ina, mapazi mbali ina.

Tsiku la ku paki ya Glacier Bay musagone. Amangolola sitima zikuluzikulu ziwiri patsiku, ndipo alonda a pakiyo amakwera m'mamawa kuchokera pa boti lawo sitima ikuyenda, n'kukhala nanu tsiku lonse. Afunseni nthawi imene mudutse pa Gloomy Knob. Pathanthwe lotuwa limenelo pamakhala mbuzi zam'mapiri, zooneka ngati timadontho toyera moderako pang'ono kusiyana ndi chipale. Pafupi ndi madzi oundana a Margerie, yang'anani pa zibenthu za ayezi zoyandama, pamagona nyama za seal, ndipo kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni zimakhala ndi ana.

Chiwombankhanga cha mutu woyera simudzachita kuchifuna. Ndi mbale wake wa nkhwazi yathu ya kunyanja, kakhalidwe kamodzi kodikira nsomba pamwamba pa mtengo. Fufuzani kadontho koyera pansonga za mitengo ya m'mbali mwa doko. Zabulauni zamawangamawanga ndi ana, mutu umayera zikafika zaka 4 kapena 5.

Zimbalangondo ndiye zimafuna kudziwa kalendala. Mu Meyi ndi Juni zimatsikira kugombe kukadya udzu ndi kugubuduza miyala madzi akaphwera, choncho onani nthawi ya kuphwa kwa madzi n'kumayang'ana magombe a miyala ndi pamene timitsinje tikuthira m'nyanja. Kuyambira kumapeto kwa Julayi mpaka Sepitembala zimatsata nsomba za salmon zokwera mitsinje kukaikira mazira. Pa Steep Creek, pafupi ndi madzi oundana a Mendenhall, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa doko la Juneau, zimbalangondo zakuda zimabwera pansi penipeni pa kanjira kamatabwa kodutsa anthu. Ku Ketchikan kuli Herring Cove. Zabulauni zikuluzikulu zija n'zochuluka pa chilumba cha Chichagof, ngati sitima yanu ikuima ku Icy Strait Point. Mukakumana nacho panjira musathamange, musachitsekere njira yopita kumadzi, ndipo musaime pakati pa make ndi ana. Yankhulani mofatsa mukubwerera pang'onopang'ono. Zipatso ndi nyama za m'sitima saloleza kutsika nazo, ndipo m'nkhalango ya zimbalangondo sangweji m'chikwama si yofunika n'komwe.

Munafunsanso za kuwala kobiriwira kwa kumwamba kuja kotchedwa aurora. Ngati ulendo wanu ndi wa Juni kapena Julayi musakuyembekezere, usiku sukuda mokwanira. Mwayi umayamba kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala, kukakhala kopanda mitambo, ndipo sitima zina zimalemba mayina a ofuna kudzutsidwa usiku, choncho kafunseni ku ofesi ya alendo tsiku loyamba.

Gawo likubwerali ndinena za ulendo wanga wa ku Harare kukapereka foni ndi kabuku kaja, ndi zimene mkazi wake anandiuza pakhomo, zimene zinachititsa kuti kontilakiti yotsatira ndisaisayine.