Lachinayi, mtengo watuluka

Ndafika ku labu mochedwa, minibasi inaima nthawi yaitali pa Manda Hill, muno mu Lusaka, kudikira anthu. Ndinapeza kompyuta itamaliza ntchito imene ndinaisiyira Lolemba. Pulogalamu ya BEAST, imene imajambula mtengo wa mibadwo ya tizilombo poyerekeza majini ake, imadya masiku, ndipo sabata yatha magetsi anazima ili pakati, moti ndinachita kuyambiranso.

Koma lero mtengo watuluka. Ndi mtengo wa mibadwo ya HIV ya mtundu C, umene uli wofala kuno ku Zambia ndi kum'mwera konse kwa Africa. Kachilomboka kakamaswana kamaphonya zilembo zina pokopera majini ake, ndipo zophonyazo zimaunjikana pa liwiro loti munthu angaliyeze. Ukadziwa chaka chimene magazi aliwonse anatengedwa, umawerenga chobwerera m'mbuyo mpaka kukafika kwa kholo limodzi.

Pamene pandigwira mtima ndi chakutsinde. Nthambi zambirimbiri zaphukira pamodzi ngati tsache, kenako n'kumangotalika osagawikanso. Aphunzitsi anga analoza pomwepo ndi cholembera. "Apa mliri unkathamanga," anatero, "munthu mmodzi ankapatsira angapo."

Ndi njira yomweyi imene wasayansi Nuno Faria ndi anzake anatsata mu 2014, n'kupeza kuti mliriwu unayambira ku Kinshasa, ku DR Congo, cha m'ma 1920, ndipo sitima zapamtunda zinaufikitsa ku Lubumbashi zaka za m'ma 1930 zisanathe. Lubumbashi, pafupi pomwepa kuseri kwa malire a Kasumbalesa! Magazi akale odziwika bwino amene anapezeka ndi kachilomboka ndi a 1959, a ku Kinshasa komweko.

Madzulo tikudya nsima ndinaonetsa amayi chithunzi cha mtengowo pafoni, n'kuwauzanso za Kinshasa ndi 1920. Alongo awo ankagwira ntchito kumigodi ya Kitwe, anamwalira ine ndili wamng'ono, ndipo mpaka lero achibale ena amalozabe chala akazi awo.

"Mwanawe, ndiye ungathe kuona amene anapatsira amalume ako?"

Ndinati ayi, amayi. Mtengowu umangosonyeza kuti tizilombo tiwiri ndi tapachibale. Sunena kuti anayamba ndani, pakati pakhoza kukhala anthu ena amene magazi awo sanayezedwe, komanso maina tonse sitiwaona, timangoona manambala.

Anasamba m'manja, natenga foniyo, n'kukulitsa pa tsachepo ndi zala ziwiri. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"1920," anatero motsitsa mawu. "Agogo ako asanabadwe n'komwe."

Apempha kuti ndiwatumizire chithunzicho pa WhatsApp, akufuna akaonetse alamu awo Lamlungu akatuluka m'tchalitchi.