Nickel-63 ndi self-absorption: tsopano zalowa

Anzanga a physics, sabata ino mtima wanga wakhala pansi. Za p-n junction sindichulukitsa: ndi malire a mitundu iwiri ya semiconductor (zinthu ngati silicon), pomwe magetsi amatoledwa. Chimene chimandizunguza pa mabatire a betavoltaic, aja opanga magetsi kuchokera ku ma electron amene chitsulo cha radioactive chimatulutsa, chinali ichi: curie imodzi (muyeso wa radioactivity) ya nickel-63 imangopereka ma microwatt pafupifupi 100, nanga osangounjika nickel wambiri bwanji kuti mphamvu ichuluke?

Sizitheka, chifukwa ma electron ake ndi ofooka. Avareji ya mphamvu ya electron imodzi ndi 17 keV (keV ndi ma eV 1,000), wamphamvu kwambiri sapitirira 67 keV. Amene abadwira m'kati mwa chitsulocho amathera momwemo, mphamvu yawo n'kusanduka kutentha: imeneyo ndiye self-absorption. Ofika pa semiconductor ndi apamwamba okha, ngati magalimoto mu nkhungu ya pa Chikangawa: kaya kumbuyoko andanda angati, nyali zimene ukuona ndi zapafupi basi. Nickel akakhuthala kupitirira ma micron awiri kapena atatu, grafu ya mphamvu yotuluka imagona. Wawononga nickel-63 wodula pachabe. Ndiye funso lenileni si kuchuluka kwa nickel ayi, koma malo amene akukhudzana ndi junction, komanso ngati electron ikufera pomwe junction ingathe kutola ma pair ake, kutanthauza electron yomwe yagwedulidwa mu semiconductor ndi mpata (hole) umene yasiya. Mu silicon pair imodzi imadya 3.6 eV, kutanthauza ma pair oposa 4,000 pa electron imodzi, koma akabadwira patali amakumananso n'kuzimirira. Kuya. Nkhani yonse yagona pa kuya.

Chandithandiza ndi Monte Carlo, simulation ya pa kompyuta yoyesa mwachisawawa kambirimbiri, ndipo musandiuze zina. Mu Geant4, pulogalamu ya labu ya physics ya CERN, umaponya ma electron mamiliyoni n'kumaona lililonse komwe lakafera. Kwa ine ma equation a pa bolodi aja akhoza kupuma. Aphunzitsi athu anangolemba exponential imodzi, n'kunena kuti zotsalazo tikawerenge tokha, ngati kuti tili ndi laibulale ya ma journal m'thumba. Semesita yake yothamanga, laputopu yotentha ngati ikuphika, magetsi akathima simulation yayambiranso. Bandulo nayo siichedwa kutha.

Za batire ya BV100 ya kampani ya Betavolt ku Beijing, imene analengeza mu 2024, tsopano zikumveka: ma microwatt 100 pa ma volt atatu, timapepala topyapyala ta nickel-63 pakati pa semiconductor ya diamond. Kupyapyalako si kuumira. Komanso si zatsopano, m'zaka za m'ma 1970 batire ya Betacel ya promethium-147 inkayendetsa kale ma pacemaker, timakina tothandiza mtima kugunda bwino, kungoti half-life yake (nthawi yoti theka la ma atomu ake lithe) ndi zaka 2.6, pomwe nickel-63 ndi zaka pafupifupi 100.

Pa project yanga, posankha semiconductor, ndikadali pakati pa silicon carbide ndi diamond. Geant4 imandiuza komwe mphamvu yagwera, koma sinena kuti ma pair angati afikadi pa waya. Pamenepo mwina ma equation aja ndiwafunabe, kaya. Labu yoti ndiyesere zenizeni kuno ku Mzuzu ndilibe, ndiye manambala angawa ndiwakhulupirire mpaka pati?