Atate afukata mwana wawo

Usiku wathawu tulo sitinabwere, ndiye ndinakhala ndikuyang'ana pafoni chithunzi cha Utatu Woyera chimene katswiri wojambula zithunzi, El Greco, anajambula pakati pa 1577 ndi 1579. Anachijambulira tchalitchi cha masisitere cha Santo Domingo el Antiguo ku Toledo, m'dziko la Spain, koma lero chili ku nyumba yosungiramo zithunzi ya Prado, mumzinda wa Madrid.

Tinazolowera kuona Maria atafukata mtembo wa Yesu. Apa ayi. Amene afukata mtembowo ndi Mulungu Atate eni ake, gogo wa ndevu zoyera, nkhope ataiweramitsira kwa mwanayo. Thupi la Yesu likuoneka lolemera, mutu wapendekeka, mabala ake ndi aang'ono, magazi sachuluka. Angelo awazungulira ngati anthu a pamudzi ozungulira namfedwa, ndipo pamwamba pali nkhunda m'kuwala kwachikasu.

Abale anga, chandikhudza kwambiri ndi nkhope ya Atatewo. Sakulamula, sakuweruza, angomuyang'ana mwana wawo basi. Chaka chatha tinaika achimwene anga, ndipo bambo athu anakhala chomwecho pafupi ndi bokosi, osalankhula kanthu mpaka kunacha.