Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Munthu wa Bango

Gawo lapitali ndinalekezera pamene aphunzitsi athu a zisudzo anatigawa m'magulu a anthu asanuasanu, n'kutiuza kuti gulu lililonse lijambule filimu ya mphindi 12. Gulu lathu linasankha filimu yoopsa. Munali mu Okutobala 2017, Zomba akutentha ngati m'phika, magetsi akuzima kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Tinakumana m'chipinda cha mnzathu wina ku Chikanda, kandulo titaizika pakamwa pa botolo. Mutu wa nkhani tinali nawo kale: mtsikana wa m'tauni apita kumudzi kumaliro a malume ake, ndipo ali komweko anthu ayamba kutha mmodzimmodzi. Chimene chinkasowa ndi mwini zoipazo.

Mnyamata wogwira kamera sanachedwe. "Aise, apa palibe chovuta. Tipeze gogo. Maso ofiira, dzino limodzi, lichero pambali, nsupa m'khosi. Tim'pake phulusa, tochi tiyatsire pansi pa chibwano. Anthu akuwa okha."

Onse anavomera. Ine m'mimba munangoti zii.

Amene mwaitsata mbiriyi kuchokera koyamba mukuwakumbukira agogo anga, mayi a amayi, amene anandilera kumudzi kwathu kufupi ndi Mtakataka ku Dedza. Maso awo analidi ofiira. Anafiira ndi utsi wa nkhuni, zaka ndi zaka akutiphikira m'kakhitchini kopanda zenera. Mano anatsala owerengeka. Lichero anali nalo, ankapetera chimanga akakonola. Zonse zimene mnzangayo anatchula usiku umenewo zinali nkhope ya munthu amene ankandibereka kumbuyo popita kudimba.

Pali chimene sindinalembepo m'magawo am'mbuyomu. Ndili ndi zaka 9, mwana wa m'banja loyandikana nafe anatentha thupi Lachiwiri, pofika Lachinayi n'kutisiya. Maliro atatha, anthu anasiya kubwera kudzapala moto kwathu. Agogo akafika pamjigo, amayi ena ankasuntha zidebe zawo. Kenako miyala inayamba kugwa padenga usiku. Kenako nkhokwe inapsa. Amayi anabwera kudzawatenga agogo kupita nawo ku Salima, ndipo agogowo anamwalirira komweko, akufunsabe ngati mtengo wawo wa mango unabereka chaka chimenecho.

Zonsezi sindinawauze anzanga tsiku limenelo. Ndinangoti, "Gogo ayi. Mukafuna gogo, ine mundichotse m'gululi."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Mnyamata wa kamera uja anati ndi filimu chabe. Ndinamukumbutsa za ku Neno, kumene mu Januwale 2016 okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo chifukwa mtsikana wina anaombedwa ndi mphenzi. Ndinamukumbutsanso zimene wailesi inkalengeza masiku omwewo, za mphekesera ya anamapopa imene inayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu ankaphedwa pamsewu chifukwa chongokhala achilendo kapena kunyamula chikwama chimene ena sakuchidziwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena akummwera. Lamulo la ufiti la 1911, lomwe linaletsa kumwetsana mwavi, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma lamulo limakhala kutali ndi mudzi usiku. M'dziko lotere, kuika nkhope ya gogo pa sikirini n'kunena kuti uyu ndiye wotha anthu, kwa ine kunali kusonkhezera moto umene unapsereza nkhokwe yathu.

Tinayesa njira zina. Wina anati tibwereke chigoba cha Gule Wamkulu. Ndinakananso, ndipo apa mnzathu wa ku Kasungu, wolowa kudambwe, anandithandiza kukana. Zilombo zili ndi eni ake ndi mwambo wake, zimatuluka pamaliro, pachinamwali ndi polonga mfumu, ndipo UNESCO inazindikira gule ameneyu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Amene anafikako ku Kungoni, malo osungirako zachikhalidwe pa Mua, anaona kuti chigoba chilichonse chili ndi chimene chimalangiza. Kuchitenga kuti chizingothamangitsa atsikana m'tchire ndi mwano. Wina anatchula Napolo, amene anthu amati ndiye anadutsa pa Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Napolo ndi woopsadi, koma alibe nkhope yoti n'kuiyang'ana, ndipo ndalama yojambulira phiri likugumuka tinalibe. Wina anati tikwere phiri tikajambule pa dzenje la Chingwe, anthu aziponyedwamo. Dzenjelo lilipo, koma funso linali lomwe lija: woponyayo ndani?

Tinabalalika titakwiyirana.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi ya aphunzitsi kukapempha kuti andisinthe gulu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa funso limene ndimalikumbukira mpaka lero.

"Iwe mwana, zimene anakuuza kuti uziopa uzisiye kaye. Amene unamuopapo wekha, ndi thupi lako, ndani?"

"Madamu, sindikudziwa."

"Ukudziwa. Pita ukaganize."

Ndisanafike n'komwe pachipata ndinali nditamukumbukira.

Anali bambo wina wa m'mudzi mwathu, waulemu kuposa onse. Malaya ake ankakhala ochapa nthawi zonse. Pamaliro ankayamba ndi iye kufika, pamilandu ankakhala pafupi ndi amfumu, popereka moni ankaomba m'manja ngakhale kwa ife ana. Masiku aja anthu atasiya kubwera kwathu, iye yekha ndiye ankabwerabe. Ankaima pabwalo n'kunena chapansipansi, "Odi kuno." Agogo ankamuyalira mphasa pakhonde, n'kumupatsa mbatata yootcha. Iye ankasenda mbatatayo pang'onopang'ono, makoko n'kumawaunjika bwinobwino pambali, kenako n'kuti, "Amayi, ine sindikunena kanthu, koma anthu akulankhula." Nditakula amayi anandiuza kuti mawu omwewo ankawanena pakhomo lililonse, kungosintha dzina. Anthu ankalankhuladi, koma woyambitsa kulankhulako anali iye. Mwala sanaponyepo ngakhale umodzi. Tsiku limene agogo ankasamuka, anabwera kudzathandiza kukweza katundu pangolo.

Ndili mwana sindinkadziwa zimenezi, komabe akati "odi" ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe. Thupi linkadziwa zimene mutu unali usanamve.

Usiku umenewo ndinalemba masamba anayi ndi tochi ya pafoni, ndipo ndinawapititsa kwa anzanga. Munthu wathu tinangomutcha Wabango.

Kwathu munthu akamwalira, adzukulu amatenga bango n'kuyeza mtembo kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kuti akadziwe kutalika kwa manda. Ntchito ya adzukulu ndi yaulemu, ndipo amayeza amene wapita kale. Wabango sali mmodzi wa iwo. Iye amayeza amoyo. Amafika pakhomo masana dzuwa likuswa mtengo, atavala jekete yoyera bwino, bango lalitali akulikwakwaza pansi. Amaodira kamodzi kokha. Ukayankha kuti "odini", wamulola. Apa ndi pamene anzanga anayamba kutchera khutu, chifukwa tonsefe tinakula tikuuzidwa kuti ukamva kuitana usiku usayankhe, koma palibe amene anatiphunzitsa kukana mlendo waulemu masana. Akakhala pamphasa amacheza bwino, amafunsa za ana ndi za kumunda, ndipo iye amatchula aliyense kuti "mdzukulu wanga", liwu lomwe lija timatchulira okumba manda. Uku akucheza, bango lagonekedwa pansi pafupi ndi chithunzithunzi chako. Ponyamuka amatulutsa kampeni, n'kulidula pa muyeso wako, n'kulitsamiritsa pakhoma la nyumba yako. Kenako amapita pakhomo lina kukanena kuti iye sakunena kanthu.

Tinagwirizana malamulo ake, ndipo tinalumbira kuti sitiwaswa ngakhale filimu itavuta bwanji. Sakhudza munthu. Sathamanga, sakweza mawu, saoneka usiku. Magazi onse a m'filimuyo ali m'manja mwa anansi, abale ndi anzake a womwalirayo. Mnyamata wa kamera anafuna kuti pamapeto maso a Wabango ayake ngati makala. Tinakangana mpaka kandulo inatha. Ine ndinkaona kuti maso akangoyaka, woonera apuma, anena kuti ndi chiwanda basi, kwathu kulibe zotere. Ndinkafuna atuluke m'holo akuganiza za munthu wina amene amamudziwa. Tinasiya zizindikiro ziwiri zokha zosonyeza kuti mwina si munthu wamba. Nsapato zake zimakhala ndi dothi lofiira lonyowa, la pansi pa dzenje, m'chilimwe pamene fumbi lili ponseponse. Ndipo mtsikana uja apeza chithunzi chakale cha maliro a agogo a amayi ake, Wabango ataima kumapeto kwa mzere, nkhope yake ili chimodzimodzi ngati lero.

Chinatsala ndi woti asewere. Anyamata a m'kalasi onse ankakwinya nkhope n'kumabangula, zosiyana ndi zimene ndinkafuna. Tinam'peza pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Zomba, telala wachikulire amene ankandisokera madiresi. Anali mkulu wa mpingo, ndipo pa Pasaka ankasewera Pilato kutchalitchi kwawo. Nditawafotokozera anakhala chete, phazi lili pa makina.

"Ndiye ukufuna ndikhale woipa, mwanawe?"

"Ayi abambo. Ndikufuna mukhale waulemu, monga mmene mulilimu."

Anaseka pang'ono, kenako anatenga tepi yawo yoyezera. "Ukudziwa, munthu woyeza sayang'ana nkhope. Pakamwa pamalankhula ndi iwe, koma maso amakhala paphewa ndi pachidendene." Anandionetsa pomwepo. Ankandifunsa za sukulu mokoma mtima, maso akutsika kuchokera pamutu panga mpaka kuphazi, milomo ikuwerenga mwakachetechete. Tsitsi linandiima masanasana, pakati pa msika. Zimenezi sindinazilembe ine m'masamba anayi aja, zinachokera m'manja mwa munthu amene wayeza anthu moyo wake wonse.

Jekete tinaigula pa kaunjika, yaikulu pang'ono kuti mapewa azilendewera. Bango tinakadula m'mbali mwa mtsinje wa Likangala. Phokoso lake tinalijambula padera ndi foni cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, kunja kuli zii, wina akulikwakwaza pa dothi louma: khwee, khwee. M'filimu phokosoli limayamba kumveka munthuyo asanaoneke, ndipo kawiri konse limamveka popanda iye kuoneka n'komwe.

Tinajambulira m'mudzi wina pamsewu wopita ku nyanja ya Chilwa. Chifukwa cha mphekesera zija, kufika pamudzi ndi zikwama ndi mawaya kunali kuika moyo pachiswe, choncho tinayamba tapita kwa amfumu ndi kalata, tinatsegula zikwama zonse pabwalo anthu akuona. Amfumu anatilola, koma anati kumanda tisayandikireko, ndipo dzuwa likamapendeka tizikhala titanyamuka. Zinagwirizana ndi munthu wathu wamasana. Chimodzi chokha tinalakwitsa. Tinaika masamba pamsewu ngati chizindikiro cha maliro, tisanachenjeze odutsa. Bambo wina wa kabaza anatsika panjinga, anavula chipewa, n'kuyamba kuikankha mwaulemu akufunsa kuti atisiya ndani. Tinawapepesa, masambawo tinachotsa msanga, ndipo chithunzi chimenecho tinachijambulira m'kanjira ka kuseri.

Titamaliza tsiku lachitatu, ndinatenga bango lodulidwa lija kuti ndikalisunge kuchipinda kwanga. Atelala aja anandigwira mkono.

"Ili lisagone m'nyumba ya munthu. Taliyezera mwana wamoyo."

Analithyolathyola okha, ndipo tinalitentha kuseri kwa nyumba ya amfumu tisanakwere galimoto.

Za tsiku loonetsa filimuyi kukoleji ndidzakamba m'gawo lotsatira. Patchuthi cha Khirisimasi ndinapita nayo ku Salima pafoni, ndipo ndinawaonetsa amayi titakhala pamkeka madzulo. Sindinawauze kalikonse. Anaonera mwakachetechete mpaka pamene Wabango amasenda mbatata, makoko n'kumawaunjika pambali. Asanatsegule n'komwe pakamwa kunena mawu ake aja, amayi anaphimba foniyo ndi dzanja.

"Ameneyu wamupeza kuti? Si anamwalira kale?"