Zikomo amakaniko otikonzera galimoto ya gasi

Tikukuthokozani abambo awiri amene munaima pamsewu kutithandiza pamene galimoto yathu yoyendera petulo ndi gasi wa propane inkangozima tikaisinthira ku gasi. Munayamba ndi solenoid valve, kachipangizo kamagetsi kotsegula ndi kutseka njira ya gasi, ndipo mavolti 12 ankafika bwinobwino. Mutagwira reducer, imene imasandutsa gasi wamadzi kukhala mpweya mothandizidwa ndi madzi otentha a injini, munapeza itazizira mpaka kuchita ayezi. Madzi a mu radiyeta anali atachepa ndipo mpweya unatsekereza paipi yobweretsa madzi otentha, motero gasi wamadzi uja sankasanduka mpweya woti injini iwotche. Munawonjezera madzi, kutulutsa mpweya wotsekereza paipi uja, n'kusintha fyuluta yomwe inali itatsekeka ndi litsiro la mafuta. Simunatilole kunyamuka musanapake thovu la sopo m'malo onse olumikizira mapaipi poona ngati gasi akutuluka. Mulungu akudalitseni.